Ubatizo ndi chipulumutso

Ubatizo ndi mwambo wa Chikhristu umene munthu amamizidwa m'madzi kapena kuthiridwa madzi pamutu pomulandira mu mpingo. Pafupifupi mipingo yonse imabatiza, koma siigwirizana pa funso lakuti kodi munthu angapulumuke popanda ubatizo. Pali magulu atatu a ziphunzitso. Gulu loyamba limati Mulungu amakhululukira machimo ndi kupereka moyo watsopano kudzera mu ubatizo, kotero ndi wofunika pa chipulumutso. Lachiwiri limati munthu amapulumuka pokhulupirira Yesu Khristu, ndipo ubatizo ndi chizindikiro chimene wokhulupirira ayenera kulandira pomvera lamulo la Ambuye. Lachitatu, lomwe ndi laling'ono, silibatiza ndi madzi n'komwe.

M'Malawi funsoli lakhala likugawa mipingo kuyambira nthawi ya atsamunda. Boma la Zomba, makamaka chigawo cha Domasi ndi Songani kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ndi limodzi mwa madera amene ziphunzitso zosiyanazi zinakumana msanga.

Chiyambi cha mawu ndi mwambo

Mawu akuti ubatizo anachokera ku Chigiriki, ku mneni wotanthauza kumiza kapena kuviika m'madzi. Omasulira Baibulo m'Chichewa anangowabwereka mawuwo osawamasulira, monga mmene zilili m'Buku Lopatulika la 1922 ndi m'Buku Loyera la 1998. Zimenezi zinathandiza kuti mipingo yomiza ndi yothira madzi izitha kuwerenga Baibulo limodzi.

Ayuda anali ndi miyambo yosamba pofuna kudziyeretsa Chikhristu chisanayambe. Yohane Mbatizi anabatiza anthu mu mtsinje wa Yordano powaitanira ku kulapa, ndipo Yesu nayenso anabatizidwa ndi iye. Malinga ndi Mateyu 28:19, Yesu atauka kwa akufa anatuma ophunzira ake kukaphunzitsa mitundu yonse ndi kuibatiza. Palibe mpingo umene umakana kuti mawuwa alipo. Mkangano uli pa zimene zimachitika kwa munthu pamene akubatizidwa.

Malemba amene mbali zonse zimadalira

Amene amati ubatizo ndi wofunika pa chipulumutso amatchula kawirikawiri ndime zisanu. Pa Yohane 3:5 Yesu akuuza Nikodemo za kubadwanso kumene kukukhudza madzi ndi Mzimu. Pa Machitidwe 2:38 Petro akuuza khamu la pa tsiku la Pentekoste kuti lilape ndi kubatizidwa, ndipo akulumikiza zimenezi ndi chikhululukiro cha machimo. Pa Machitidwe 22:16 Hananiya akufulumizitsa Saulo kuti abatizidwe, ndipo akutchula za kutsukidwa kwa machimo. Aroma 6:3-4 akufanizira ubatizo ndi kuikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu. Pa 1 Petro 3:21 ubatizo ukufaniziridwa ndi kupulumuka kwa Nowa pa chigumula.

Ndime ina yotchuka ndi Marko 16:16, imene imaika chikhulupiriro ndi ubatizo pamodzi. Otsutsa amayankha kuti gawo lachiwiri la ndimeyi likuweruza wosakhulupirira yekha, silikutchula wosabatizidwa. Akatswiri a Baibulo amaonjezera kuti Marko 16:9-20 mulibe m'mipukutu iwiri yakale ya Chigiriki, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, imene inalembedwa m'zaka za m'ma 300.

Amene amati chikhulupiriro ndicho chimapulumutsa amadalira Aefeso 2:8-9, pamene chipulumutso chikufotokozedwa ngati mphatso ya Mulungu yosagulidwa ndi ntchito za munthu. Amatchulanso Yohane 3:16 ndi Aroma 10:9, ndime zimene sizitchula madzi. Pa 1 Akorinto 1:14-17 Paulo akusiyanitsa ntchito yolalika ndi yobatiza, ndipo akuti ku Korinto anabatizako anthu ochepa chabe. Pa Machitidwe 10:44-48 Korneliyo ndi a m'nyumba mwake akulandira Mzimu Woyera asanabatizidwe.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha wachifwamba amene anapachikidwa pamodzi ndi Yesu (Luka 23:39-43). Iyeyu analonjezedwa Paradaiso pamtanda pomwepo, popanda mwayi wopita kumadzi. A mbali yoyamba amayankha m'njira ziwiri. Ena amati munthuyu anafa lamulo la ubatizo wa Chikhristu lisanaperekedwe. Ena amati Mulungu analandira kulapa kwake m'malo mwa ubatizo umene sakanatha kuulandira.

Mpingo wa m'zaka zoyambirira

Buku lakale lotchedwa Didache, limene akatswiri ambiri amati linalembedwa cha kumapeto kwa zaka 100 zoyamba za Chikhristu, limalangiza kubatiza m'madzi oyenda, koma limalola kuthira madzi pamutu katatu ngati madzi ndi ochepa. Chikhulupiriro cha ku Nicaea, monga chinakonzedwera ku Constantinople m'chaka cha 381, chimavomereza ubatizo umodzi ndipo chimaulumikiza ndi kukhululukidwa kwa machimo.

Pa nthawi ya mazunzo, anthu ena ankaphedwa chifukwa cha Khristu akadali ophunzira, asanabatizidwe. Atsogoleri monga Cyprian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, anaphunzitsa kuti imfa yotere imalowa m'malo mwa ubatizo wa madzi. Apa ndi pamene panachokera chiphunzitso cha ubatizo wa magazi.

Augustine wa ku Hippo (354-430), potsutsana ndi Pelagius, anaphunzitsa kuti munthu aliyense amabadwa ndi tchimo lochokera kwa Adamu, ndipo ngakhale makanda afunika ubatizo. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Carthage m'chaka cha 418 unavomereza maganizowa. Kuchokera pamenepo, ubatizo wa makanda unazika mizu m'mipingo ya kumadzulo, ndipo funso la makanda omwalira asanabatizidwe linakhala lovutitsa kwa zaka zambiri.

Zimene mipingo imaphunzitsa

Mpingo wa Katolika umati ubatizo ndi sakramenti loyamba, lochotsa tchimo lobadwa nalo pamodzi ndi machimo onse amene munthu anachita asanabatizidwe. Msonkhano wa ku Trent (1545-1563) unatsindika kuti ubatizo ndi wofunika pa chipulumutso. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, m'ndime 1257 mpaka 1261, amafotokoza kuti kufunikaku kukukhudza anthu amene anamva Uthenga Wabwino ndipo ali ndi mwayi wopempha ubatizo, koma Mulungu mwini wake sali womangika ndi masakramenti. N'chifukwa chake mpingowu umavomereza ubatizo wa magazi ndi ubatizo wa chifuniro, ndiye kuti wa munthu amene anafunitsitsa kubatizidwa koma imfa inamupeza msanga. Chitsanzo cha mu Africa ndi Mukasa Kiriwawanvu, mmodzi mwa Amaritiri a ku Uganda, amene anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886 asanabatizidwe, ndipo Papa Paul VI anamuika m'gulu la oyera m'chaka cha 1964.

Mipingo ya Orthodox nayonso imati ubatizo ndi kubadwanso, ndipo imabatiza makanda powamiza katatu.

Martin Luther anaphunzitsa kuti munthu amayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro chokha, komabe sanapeputse ubatizo. M'katekisimu wake wamng'ono wa 1529 anafotokoza kuti mphamvu ya ubatizo ili m'mawu a Mulungu amene ali pamodzi ndi madziwo, ndi m'chikhulupiriro chodalira mawuwo. Chivomerezo cha ku Augsburg cha 1530 chimati ubatizo ndi wofunika pa chipulumutso. Katekisimu wa Anglican wa m'buku la mapemphero la 1662 amawerenga ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye ngati masakramenti awiri ofunika kwa anthu onse pa chipulumutso.

Mipingo ya Presbyterian ndi ya Reformed, imene m'Malawi ikuimiridwa ndi Church of Central Africa Presbyterian (CCAP), imati ubatizo ndi chizindikiro ndi chisindikizo cha pangano la Mulungu. Imabatiza ana a makolo achikhristu, poufanizira ndi mdulidwe wa m'Chipangano Chakale. Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646, m'mutu 28, chimati kunyozera ubatizo ndi tchimo lalikulu, koma chimakana mfundo ziwiri: yakuti palibe amene angapulumuke popanda ubatizo, ndi yakuti aliyense wobatizidwa ndi wobadwanso.

Mipingo ya Baptist, ya Pentekoste ndi ya Seventh-day Adventist imabatiza okhawo amene avomereza okha chikhulupiriro, ndipo imamiza. Maganizo okana ubatizo wa makanda anaonekera poyera ku Zürich pa 21 Januwale 1525, pamene gulu la Anabaptist linayamba kubatizana achikulire. Zimenezi zinali mlandu wa imfa: Felix Manz, mmodzi mwa atsogoleri awo, anamizidwa mu mtsinje wa Limmat pa 5 Januwale 1527. Kwa a Baptist ndi a Pentekoste ambiri, munthu amapulumuka pamene walandira Yesu, ndipo ubatizo ndi umboni wa zimene zachitika kale mumtima.

Mpingo wa Khristu, umene unakula ku America kudzera mwa Alexander Campbell (1788-1866) ndi Barton Stone, umafanana ndi a Baptist pomiza achikulire okha, koma umasiyana nawo pa tanthauzo. Umaphunzitsa kuti wokhulupirira amene walapa amakhululukidwa machimo pa nthawi ya ubatizo, ndipo umakana kuti ubatizo ndi ntchito yogulira chipulumutso. Umati ndi kumvera kwa chikhulupiriro. Chifukwa cha chiphunzitsochi, mpingowu sukonda kuchedwetsa munthu amene wapempha ubatizo.

A Quaker sachita ubatizo wa madzi. Salvation Army inasiya kuchita masakramenti m'chaka cha 1883. Magulu awiriwa amati chofunika ndi kusandulika kwa mtima kumene Mzimu Woyera amachita.

Nkhaniyi m'mbiri ya Malawi

Amishoni a ku Scotland anafika m'dziko muno m'chaka cha 1875 (Livingstonia) ndi 1876 (Blantyre). Poti chiphunzitso chawo sichinkaika chipulumutso m'madzi a ubatizo, sankathamangira kubatiza. Munthu woyamba kubatizidwa ndi mishoni ya Livingstonia, Albert Namalambe, anabatizidwa ku Cape Maclear m'chaka cha 1881, patapita zaka zoposa zisanu amishoniwo atafika. Pambuyo pake panakhazikika dongosolo la kalasi: wofuna ubatizo ankayamba m'gulu la omvera, kenaka n'kulowa m'gulu la ophunzira katekisimu, ndipo ankayesedwa pa chiphunzitso ndi pa khalidwe. Kwa anthu ambiri ulendowu unkatenga zaka zingapo. Akatolika, amene anatsegula Nzama m'chaka cha 1901 ndi Mua m'chaka cha 1902, nawonso ankaphunzitsa achikulire nthawi yaitali, koma ankabatiza mwachangu makanda ndi odwala amene ali pafupi kumwalira, mogwirizana ndi chiphunzitso chawo.

Joseph Booth, amene anafika m'chaka cha 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission, anabweretsa ubatizo womiza achikulire. Iye ndiye anabatiza John Chilembwe m'chaka cha 1893, ndipo Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu, m'chaka cha 1900.

Kuchedwa kwa ubatizo kunadzetsa madandaulo aakulu. Kumapeto kwa 1908 Elliot Kamwana, amene anaphunzirapo ku Livingstonia kenaka n'kutsata ziphunzitso za Watch Tower kudzera mwa Booth, anayamba kulalika pakati pa Atonga ku Nkhata Bay. Ankabatiza pomiza, mwaulere ndiponso popanda kalasi ya zaka. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Ambiri mwa iwo anali anthu amene anatopa kudikira ubatizo wa ku mishoni. Boma la atsamunda linamugwira m'chaka cha 1909 n'kumuchotsa m'dzikomo, ndipo analoledwa kubwerera kwawo m'chaka cha 1937.

Mitala inali chopinga china. Mishoni zinkafuna kuti mwamuna wa mitala asiye akazi ena asanabatizidwe. Msonkhano wa maepiskopi a Anglican wa ku Lambeth wa 1888 unagamula kuti mwamuna wotere asabatizidwe, ndipo msonkhano wa 1988 ndiwo unalola kuti abatizidwe, bola asakwatirenso mkazi wina. Mipingo ina yoyambitsidwa ndi Amalawi, monga Last Church of God and His Christ imene Jordan Msumba anayambitsa m'chaka cha 1925, inalandira amitala. Kwa munthu wokhulupirira kuti popanda ubatizo palibe chipulumutso, lamulo la mishoni linkatanthauza kusankha pakati pa banja lake ndi moyo wosatha.

Zomba, Domasi ndi Songani

Songani ali pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, m'munsi mwa phiri la Zomba, kufupi ndi Domasi. Mishoni ya Church of Scotland ku Domasi inatsegulidwa ndi Alexander Hetherwick m'chaka cha 1884, pakati pa Ayao. Kumeneko ndi ku Zomba kunkatsatidwa dongosolo la kalasi ndi ubatizo wothira madzi.

Chaka cha 1910 chisanakwane, Ellerton Kundago, amene analandira chiphunzitso cha Mpingo wa Khristu ali ku South Africa, anabwerera kumudzi n'kuyamba kulalika ubatizo womiza. Akhristu ena a Church of Scotland ku Zomba, kuphatikizapo George Masangano, Frederick Nkhonde ndi Ronald Kaundo, anabatizidwanso n'kulowa mu mpingo watsopanowu. M'mishoni George Hollis anakhazikitsa malo a mpingowu ku Namiwawa, m'boma lomwelo. Kwa amishoni a ku Scotland, kubatizanso munthu wobatizidwa kale kunali kunena kuti ubatizo wawo si ubatizo. Kwa a Mpingo wa Khristu, amene anathiridwa madzi anali asanabatizidwe n'komwe.

Nkhondo ya Chilembwe ya mu Januwale 1915 itatha, boma linakayikira mipingo ing'onoing'ono imene inali kunja kwa mishoni zazikulu. Hollis anathamangitsidwa m'dziko, atsogoleri ena a Chimalawi a Mpingo wa Khristu anaikidwa m'ndende, ndipo mpingowo unaletsedwa mpaka 1924. Sunathe ayi. Unafalikira m'midzi ya ku Zomba ndi ku Ntcheu, kumene kuli mishoni ya Gowa, ndipo m'chaka cha 1961 kunatsegulidwa mishoni ya Namikango ku Thondwe.

Masiku ano munthu wa ku Songani ali pafupi ndi mipingo ya ziphunzitso zosiyanazi. CCAP ili ku Domasi, Anglican ili ku Malosa, Katolika ili ndi dayosizi yake ya Zomba, ndipo Mpingo wa Khristu, Baptist, Seventh-day Adventist ndi mipingo ya Pentekoste ili m'midzi yozungulira. Mipingo yomiza imabatizira m'mitsinje monga Domasi ndi Likangala, imene imathira m'nyanja ya Chilwa, kapena m'madziwe omangidwa pa tchalitchi. M'derali mulinso Asilamu ambiri, ndipo si zachilendo kupeza Mkhristu ndi Msilamu m'banja limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse Akhristu ndi 77.3 peresenti ndipo Asilamu ndi 13.8 peresenti. Funso la chipulumutso cha wosabatizidwa limakhudza motero amalume, agogo kapena mlamu wa munthu amene akufunsayo. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, unaphunzitsa kuti anthu amene sadziwa Uthenga Wabwino popanda kulakwa kwawo, koma akufunafuna Mulungu ndi mtima woona, angathe kupulumuka, ndipo unatchula Asilamu mwaulemu. Mipingo yambiri ya chievangeliko siigwirizana ndi maganizowa. Imati chosowa pa munthu wotere ndi chikhulupiriro mwa Khristu, osati madzi.

Makanda, odwala ndi maliro

Kwa mabanja ambiri, funsoli limabwera pa nthawi ya matenda ndi imfa. Malamulo a Mpingo wa Katolika a 1983 amalola munthu aliyense kubatiza ngati wina ali pafupi kumwalira ndipo wansembe kapena katekisiti palibe, bola athire madzi, anene mawu oyenera ndipo akhale ndi cholinga chochita zimene mpingo umachita. N'chifukwa chake azamba ndi anamwino achikatolika amatha kubatiza khanda lofooka m'chipatala. Malamulo omwewo amapereka mwambo wa maliro a mpingo kwa ophunzira amene amwalira akudikira ubatizo, ndiponso, episkopi akalola, kwa mwana amene makolo ake ankafuna kumubatiza.

Kwa zaka zambiri aphunzitsi achikatolika ankanena za malo otchedwa limbo, kumene ankati kumapita makanda osabatizidwa, opanda chilango koma osaona nkhope ya Mulungu. Mpingo sunakhazikitse zimenezi ngati chiphunzitso chokakamiza. M'chaka cha 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu la ku Vatican linatulutsa chikalata chonena kuti pali zifukwa zomveka zoyembekezera kuti ana otere amapulumuka. A Presbyterian amatonthoza makolo ndi lonjezo la pangano la Mulungu kwa okhulupirira ndi ana awo. A Baptist ndi a Mpingo wa Khristu amati mwana amene sanafike msinkhu wozindikira chabwino ndi choipa alibe mlandu umene angaweruzidwe nawo, ndipo m'malo mwa ubatizo mipingo ina imachita pemphero lopereka mwana kwa Mulungu.

Pa maliro a munthu wamkulu, mipingo yambiri m'Malawi imayang'ana ngati womwalirayo anali membala wobatizidwa ndiponso wosadulidwa mu mpingo. Ngati sanali, mwambo wa mpingo umachepetsedwa kapena suchitika. Atsogoleri a mipingo amafotokoza kuti limeneli ndi lamulo la umembala, silinena za kumene mzimu wa munthu wapita, ngakhale kuti achibale ambiri amalimva ngati chiweruzo.

Kubatizanso ndi umodzi wa mipingo

Katolika, Anglican, Lutheran ndi CCAP amaphunzitsa kuti ubatizo wochitidwa ndi madzi m'dzina la Utatu Woyera suchitika kawiri. Munthu wochoka mu umodzi mwa mipingoyi kupita ku unzake kawirikawiri amalandiridwa popanda kubatizidwanso, ndipo kalata ya ubatizo imakhala umboni. Mipingo yomiza imabatiza munthu amene anathiridwa madzi ali khanda, ndipo siitcha zimenezi kubatizanso, chifukwa kwa iyo mwambo woyambawo sunali ubatizo. Vutoli limaoneka kwambiri pa ukwati, pamene mkazi kapena mwamuna akutsatira mnzake ku mpingo wina.

Bungwe la World Council of Churches linakambirana nkhaniyi ku Lima, Peru, m'chaka cha 1982, ndipo linatulutsa chikalata chokhudza ubatizo, Mgonero ndi utumiki. Chikalatacho chinapempha mipingo yobatiza makanda kuti ilimbikire kulera anawo m'chikhulupiriro mpaka adzavomereze okha, ndipo chinapempha mipingo yonse kupewa mchitidwe uliwonse wooneka ngati kubatizanso. Mipingo yambiri inayankha chikalatachi movomereza mbali zake zikuluzikulu, koma mipingo yambiri ya Baptist, ya Pentekoste ndi Mpingo wa Khristu ikupitiriza kumiza aliyense amene sanamizidwepo atavomereza yekha chikhulupiriro.